Benzi Yokana Kuzima

Lachiwiri m'mawa, patatsala masiku anayi kuti Angel akwatiwe, a Lexon Kachiwanda anatsika minibasi ku Area 10 n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kunyumba kwa a Chavula, bambo ake a mtsikanayo. Miyendo inali isanalimbe bwinobwino. Chibayo chinawagoneka masabata asanu kwawo ku Kawale, ndipo m'masabata onsewo panalibe amene analiza Benzi.

Chimenecho ndicho chinkawasowetsa mtendere. Chipumireni ntchito yoyendetsa galimoto za boma ku Capital Hill, Loweruka lililonse ankabwera kudzailiza, kuiyendetsa mpaka ku City Centre n'kubwerera, kenaka kuipukuta. Panalibe amene anawalemba ntchito imeneyi. A Wilbert Chavula, amene anali bwana wawo kuunduna kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, anagwidwa ndi sitiroko zaka zitatu zapitazo. Dzanja lamanja linafooka, mwendo unayamba kukokeka, chiwongolero anachisiya. Galimoto yokhayo imene ankatha kukwera okha, popanda wowanyamula, inali Benzi yawo yakaleyo, yamtundu wa mkaka wam'chitini, yotsika bwino ndiponso ya chitseko chotseguka kwambiri.

Pa Benzi yomweyo ndi pamene a Lexon anakatengera Angel kuchipatala ali wamasiku atatu, amayi ake ali kumbuyo kuwauza kuti asapose liwiro la njinga. Ndiye tsiku la chinkhoswe Angel ananena pamaso pa anthu onse kuti kutchalitchi adzapita pa galimoto ya adadi ake, adadi akewo ali pambali pake, ankolo Lexon ali pachiwongolero. Akuchimuna ankafuna kubwereka galimoto yamakono, zazitali zija zoti pokwera uchite ngati ukukwera nkhokwe. Angel anakana.

Atalowa pageti anapeza amayi a komiti ya ukwati atayala mikeka pakapinga, akusankha mpunga. Mayi Tabitha Chavula anaimirira, manja ali m'chiuno.

"A Kachiwanda! Koma mwaonda. Ku Kawaleko akukudyetsani?"

"Akundidyetsa, mayi. Thupi likubwerera pang'onopang'ono. Mwadzuka bwanji kuno?"

"Tadzuka. Mnzanu uyo ali pakhondepo, chiyambire m'mamawa maso ali kugeti ngati akudikira malipiro a penshoni."

A Chavula anakweza ndodo yawo m'mwamba. Mawu awo tsopano ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa, ochedwa koma omveka. "Lexon. Gogo wakusowa."

Gogo linali dzina la galimotoyo.

A Lexon anatsegula galaja, n'kuchotsa chinsalu chofunditsa. Anayang'ana oyilo, anayang'ana madzi, analimbitsa mawaya a batire. Atakhala pampando anapotoza kiyi pang'ono, n'kudikira kuti kanyale ka padashibodi kazime monga dizilo yakale imafunira, kenaka anapotoza mpaka kumapeto. Injini inatsokomola kamodzi n'kugwira, kugwedegwede, kugwedegwede, phokoso lomwe lija la masiku onse. Anaitulutsa chafutambuyo n'kuiimika pansi pa mtengo wa jakaranda. Pakhonde paja a Chavula anali akugwedeza mutu motsatira kulira kwake.

Itatentha, a Lexon anabweza kiyi n'kuizula.

Injini sinazime.

Anayang'ana kiyi ili m'dzanja mwawo. Anaibwezeramo, kupotoza, kubweza, kuzulanso. Gogo anangopitiriza kugwedegwede, osasamala. Amayi a pamikeka aja anasiya mpunga.

"Iii, kiyi ali nayo m'manja koma ikulirabe!" anatero mmodzi. "Pali munthu amene sakuufuna ukwati umenewu."

"Kuno kulibe zimenezo, ndife a mpingo ife," Mayi Chavula anamudula. Koma nkhope yawo inali itasintha.

A Lexon anatsegula boneti. Pambali pa pampu ya dizilo pali kachitsulo kofiira kozimitsira injini pamanja. Anakakanikiza ndi chala chachikulu, injini n'kuzima. Pabwalo panangoti zii.

"Ndiye zikakhala choncho Loweruka?" anafunsa Mayi Chavula. "Tangoganizani, a Kachiwanda. Abusa aima pakhomo, kwaya ikuimba, a vidiyo akujambula, dalaiva wa suti watsika n'kutsegula boneti ngati minibasi ya ku Nsungwi. Kapena ikatifere pamsewu. Ine ndinanena kale kuti galimotoyi yakalamba. Mundimvetse, sindikukunyozani. Koma Lachinayi dzuwa likamalowa, ngati ili chonchi, ndikuwaimbira akuchimuna abweretse yawo ija. Bambo a Angel anyamata adzawanyamula pokwera ndi potsika, basi."

A Chavula anangoyang'ana pansi, pamene nsonga ya ndodo yawo inagunda simenti. A Lexon anaziona m'maganizo: munthu amene ankalowa mu ofesi anthu n'kuimirira, atanyamulidwa m'khwapa ndi anyamata awiri pakhomo la tchalitchi, jekete litakwinyikira m'khosi, mwana wake wamkazi akudikira pambali.

"Ndamva, mayi," anatero. "Mpaka Lachinayi."

M'kabokosi ka kutsogolo munali buku la galimotoyo, lachingerezi, masamba ake atachita chikasu. A Lexon anakhala nalo pa njerwa pamthunzi. Pamene ankayamba kuwayendetsa a Chavula, buku limeneli sakanatha kuwerengamo ngakhale mzere umodzi, chifukwa sukulu analekeza Sitandade 6 kwawo ku Nsaru. Tsiku lina bwanayo anawapeza pamalo oimika galimoto ku Capital Hill akulondola zithunzi za m'bukumo ndi chala. Sanawaseke. Sabata yotsatira anawatengera okha ku sukulu yamadzulo ku Old Town, ndipo kwa zaka zinayi, Lolemba mpaka Lachinayi, ankaweruka msanga n'kudziyendetsa okha kupita kunyumba kuti dalaiva wawo asachedwe m'kalasi. Anzawo a kuunduna ankawanena kuti ndi bwana wanji wopereka lifiti kwa dalaiva. A Lexon sanaiwale zimenezo, ndipo sanapezepo mawu okwanira oti anene.

Bukulo linawakumbutsa zimene ankazidziwa mwapatalipatali. Benzi ya dizilo yamtundu uwu sizima ndi magetsi. Ili ndi pampu imene imayamwa mpweya kudzera m'timapaipi ting'onoting'ono ngati tomwera zakumwa zam'botolo. Munthu akabweza kiyi, kuyamwa kuja kumakoka kachitsulo kotseka dizilo. Kuyamwa komweko ndi kumene kumakhoma zitseko zonse nthawi imodzi. Kapaipi kamodzi kakabooka pena pake, mphamvu yonse imathawira pabowolo.

Analizanso injini, n'kuzula kapaipi kopita kozimitsira kuja, n'kukayamwa ndi pakamwa. Injini inazima. Analavula malovu owawa dizilo, koma mtima unatsikako: chozimitsira chinali chamoyo. Anayesa kukhoma chitseko cha dalaiva, zitseko zinazo sizinamvere. Ndiye kuti panali bowo. Tsiku lonselo anathera pansi pa boneti, kugwira kapaipi kalikonse, kupinda mphira iliyonse yolumikizira, kutchera khutu. Sanapeze kanthu.

Lachitatu analawirira ku Biwi, kumene amagulitsa zitsulo za galimoto, kwa Che Iddi. Mkuluyu anali makaniko wa kalekale, wa ndevu zoyera, ndipo kuseri kwa shedi yake kunali chigoba cha Benzi yonga ya a Chavula, nkhuku zake zikuikiramo mazira.

"Achimwene a boma!" anakuwa Che Iddi. "Ndinamva kuti munamwalira."

"Anandibweza, akuti ndiyambe ndaona inu mutasamba m'manja."

Ataseka, a Lexon anafotokoza zonse. Che Iddi anamvetsera akusenda nzimbe ndi mpeni.

"Mukufunafuna bowo ndi maso? Mudzalipeza Angel ali ndi zidzukulu. Mapaipi amenewo amayenda galimoto yonse, pansi pa kapeti, m'zitseko, mpaka kubuti. Tengani misomali. Pamene agawanikana paja, pafupi ndi mabuleki, muzizula imodzi n'kutseka ndi msomali, n'kuyesa kiyi. Ikakana, bwezerani, tsekani ina. Imene mutatseke injini n'kuzima, wakuba ali mumsewu umenewo."

"Ndamva."

"Komanso ndikufunseni. Galimoto yakhala zaka makumi anayi osachita zimenezi. Mwaichita chiyani?"

"Palibe."

"Aliyense wobwera pano amati palibe," anatero Che Iddi, n'kulavula zinyalala za nzimbe.

Masana a Lexon anali atabwerera ku Area 10 ndi misomali isanu m'thumba. Anatseka kapaipi kobiriwira, injini inakana. Anatseka kachiwiri, inakananso. Atatseka kachikasu, kopita kuzitseko, anabweza kiyi ndipo Gogo anazima pomwepo mwaulemu wake wonse. A Lexon anapumira m'mwamba.

Akanatha kulekera pomwepo. Koma msomali si mankhwala, ndiye anayamba kukalondola kapaipi kachikasu kaja. Anakweza kapeti wa kutsogolo. Pansi pa mpando wa dalaiva anapezapo makoko a mtedza odzaza dzanja, ndi kapepala ka pulasitiki kokhala ndi mchere m'makona. Anakayang'ana kanthawi, n'kuika zonsezo m'thumba la ovolosi. Anapitirira chakumbuyo. Atanyamula mpando wa kumbuyo anaona ulusi wa m'kati mwa mpandowo utazulidwazulidwa, ndi timanyi takuda ngati mpunga wopserera. Fungo linawauza zotsalazo asanafike n'kubuti komwe.

Anaima kumbuyo kwa galimotoyo kiyi ili m'manja, ndipo anakumbukira.

Chaka chilichonse akakolola ku Nsaru, a Lexon ankabweretsa matumba awiri a chimanga kwa a Chavula. Sankapemphedwa, ndipo a Chavula sankasowa ufa, koma munthu sungakolole osakapereka kwa amene anakuchitira zabwino. Chaka chino anafika nawo Loweruka lina mu Julaye, eni nyumba atapita kumaliro ku Area 18. Stolo ya kukhitchini inali yokhoma. Pansi pa galaja panali chiswe chitamanga mizere m'mbali mwa khoma. Malo ouma, okwera, otsekeka bwino anali amodzi okha. Anaika matumba aja m'buti ya Benzi, n'kunena mumtima kuti Loweruka likudzalo adzawatulutsa n'kuwapereka m'manja monga mwa mwambo. Lachisanu lake chibayo chinawagwetsa.

Anatsegula buti. Khoswe wonenepa ngati mwana wa mphaka anadumpha n'kuthawira kumaluwa. Matumba onse awiri anali atabooledwa, chimanga chili mbwee, gaga paliponse. M'mwamba mwa butimo, kumene kuli kathanki kosungira mphamvu ya kuyamwa ija, kooneka ngati thireyi ya mazira, mapaipi achikasu anali atadyedwa mpaka kutsala tizidutswa.

A Lexon anatseka buti n'kukhala pa njerwa paja. Amayi a komiti anali atapita. Wilibala inali pomwepo pafupi ndi mpanda, ndipo kuseri kwa galaja kunali dzenje la zinyalala. Akanatha kutayamo chimangacho popanda wowaona. Msomali ukanatha kukhala m'kapaipi muja mpaka Loweruka, injini ikanazima patchalitchi, ndipo mlandu wonse Mayi Chavula anali ataupereka kale kwa ukalamba wa galimoto. Koma ndiye ukwati ukadzatha akanadzanena kuti Gogo wayamba misala, achoke. Akanamuchotsa chifukwa cha cholakwa cha munthu wina. Ndipo a Chavula akanatsala ndi chiyani chowatulutsa pageti?

Anakhala pamenepo mpaka mthunzi wa jakaranda unasuntha kuchoka pa boneti. Kenaka anavula chipewa n'kupita kukhonde, kumene awiriwo ankamwa tiyi.

"Bwana, mayi, vuto ndalipeza. Galimoto ilibe mlandu. Wolakwa ndine."

Anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira tsiku la maliro lija mpaka khoswe. Sanachepetse kanthu. Atamaliza anangoima, chipewa chili pachifuwa.

Mayi Chavula anaika kapu pansi. "Matumba awiri?"

"Awiri, mayi."

"M'buti?"

"M'buti, mayi."

A Lexon anakonzeka kulandira chilichonse. Koma mawu a mayiwo atatuluka anali otsika. "Ine mwezi wonsewu ndakhala ndikudandaula chamumtima. Ndimati chaka chino a Kachiwanda atiiwala, kapena tinawalakwira penapake. Ndinafunsa ngakhale bambo a Angel kuti kodi munawayankhula zotani. Kani chimanga chinabwera kalekale, chikudyedwa ndi makoswe pakhomo panga pomwe!" Anapukusa mutu, kuseka kukulimbana ndi mkwiyo. "Koma amuna inu. Munthu wa sukulu ngati inu, nkhokwe yake Benzi?"

Apo a Chavula anayamba kugwedezeka mapewa. Ankaseka ndi theka la nkhope, misozi ikutsika mbali imodzi. Analoza thumba la ovolosi ya a Lexon ndi ndodo.

"Lexon. Waonetse zili m'thumbamo. Ndinakuona ukutola."

"Palibe kanthu, bwana. Zinyalala chabe."

"Waonetse."

A Lexon anatulutsa makoko a mtedza aja ndi kapepala ka mchere, n'kuziika patebulo pafupi ndi shuga.

"NyaGondwe," anatero a Chavula, kuitana akazi awo ndi dzina la kwawo monga ankachitira akafuna kupepesa, "iwe ukapita ku umanyano wa amayi a mpingo Lachinayi, ine ndimakakhala mwa Gogo. Ndimatsegula wailesi. Ndimadya mtedza wa mchere." Anapuma kaye. "Chitseko cha galaja ndimachisiya chotsegula, sinditha kuchikoka ndi dzanja limodzi. Makoswe anawaitana ndi Lexon. Koma amene anawatsegulira ndine."

"Mchere! Dokotala anati chiyani za mchere?"

"Anati pang'ono."

"Anati ayi! Ndinalipo ine!" Mayi Chavula anayang'ana mwamuna wawo, n'kuyang'ana a Lexon. "Ndipo inu munabisa m'thumba kuti mumuteteze. Zaka makumi atatu mukubisirana, ine n'kumayesa ndili ndi anthu akuluakulu pakhomo. Chabwino. Lachinayi ndi mawa. Mawu anga sanasinthe."

M'mawa mwake Che Iddi anafika yekha pa kabaza, atakulunga mapaipi achikasu m'thumba la shuga. Anali atawazula m'chigoba chija, nkhuku zikumujompha.

"Palibe, eti?" anatero atangoona buti. "Palibe wa matumba awiri."

Anagwira ntchito limodzi mpaka masana. Anatulutsa chimanga, mpando wa kumbuyo ndi makapeti onse. A Lexon anakwecha buti ndi madzi otentha ndi sopo kawiri konse, n'kusiya chilichonse padzuwa. Che Iddi anapeza kamphira kobooka pansi pa buti pamene makoswe ankalowera, n'kutsekapo ndi kachitsulo. Kenaka anadula mapaipi odyedwa aja n'kulumikiza ena, a Lexon akuwerenga chithunzi cha m'buku kuti wa mzere wofiira apite kokhoma, wa mzere wobiriwira apite kotsegula. Kawiri anasemphanitsa, kukhoma chitseko cha dalaiva buti n'kutseguka, ndipo anakangana ngati ana mpaka a Chavula anagogoda ndodo pakhonde. Pomaliza anaika mbale ya makala m'buti ndi masamba a mandimu pansi pa mipando kuti zikoke fungo.

Dzuwa litapendeka, Mayi Chavula anatuluka foni ili m'manja. Angel naye anali atangofika kuchokera kwa telala, ndipo anaima pambali pa adadi ake atagwira phewa lawo.

A Lexon anazula msomali uja n'kubwezera kapaipi kachikasu pamalo pake. Analiza injini, n'kuisiya ilire mphindi zingapo. Anabweza kiyi.

Zii.

"Bwerezani," anatero Mayi Chavula.

Anabwereza. Inazima.

"Kachitatu."

Inazimanso. A Lexon anatsika, n'kukhoma chitseko cha dalaiva, ndipo timitu ta zitseko zinazo tinatsika tokha, kamodzikamodzi, mwakachetechete. Angel anakuwa n'kuthamangira kudzawakumbatira, osasamala za girisi wa pa ovolosi. "Ankolo, ndinadziwa ine!"

Mayi Chavula anaika foni m'thumba la diresi. "Che Iddi, chimanga icho tengani mukapatse nkhuku zanu, munthu sangadye. Ndipo Loweruka ndikuoneni kuholo, mpunga wa nyama ya mbuzi yochinja bwino mwachisilamu ulipo. Musabwere ndi ovolosi."

Loweruka kunacha bwino. Maluwa a jakaranda anali atagwera pa denga la Benzi usiku, ndipo Angel anati asawachotse onse. Anamanga maliboni oyera kuchokera pa nyenyezi ya paboneti mpaka m'magalasi. A Chavula anatsika masitepe a khonde okha, anatembenuka, anakhala pampando wa kumbuyo, n'kukokera mwendo wofooka uja m'kati ndi dzanja lamanzere. Panalibe amene anawagwira. A Lexon anayendetsa pang'onopang'ono kudutsa m'misewu ya mitengo ya ku Area 10, galimoto zina zikuimba mahutala kumbuyo, ndipo Mayi Chavula, amene anakhala kutsogolo, anawauza kawiri kuti achepetse liwiro.

Pakhomo la tchalitchi anthu anali atadzaza mpaka pamsewu. Abusa anaima pamasitepe, kwaya inali itayamba kale. A Lexon anaimika galimoto pamalo pake penipeni, anakoka handibuleki, n'kugwira kiyi. Anabweza.

Injini inazima, ndipo nyimbo ya kwaya inalowa m'galimoto monse.

Anatsika n'kutsegula chitseko cha kumbuyo mpaka kumapeto. A Chavula anatulutsa ndodo, kenaka mwendo wabwino, kenaka winawo, n'kuimirira okha, jekete lili chilili bwinobwino. Asanapereke mkono kwa mwana wawo anagwira dzanja la a Lexon n'kulifinya ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'zala zawo.

"Yewo, Lexon. Yewo chomene."

A Lexon anafuna kuyankha kuti woyenera kuthokoza ndi iwo, kuti pakanapanda madzulo aja a ku Old Town buku lija likanakhala zithunzi chabe. Koma anangowerama.

Mayi Chavula anatsala m'mbuyo pang'ono akukonza duku. "A Kachiwanda," ananong'ona, "chaka chamawa chimanga chibwere ndithu. Koma mudzandipatse ine m'manja."

"Ndamva, mayi."

Anayang'ana bambo ndi mwana akukwera masitepe, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Atalowa m'kati, a Lexon anakhoma chitseko, anadikira mpaka timitu tonse titatsika, anaika kiyi m'thumba la jekete, n'kuwatsatira.